Miyala, bango ndi zinyalala: zomwe kompyuta ingaulule za madzi osefukira ku Harare

HARARE – Mvula yamphamvu yomwe idagwa mu mzinda wa Harare kumapeto kwa mwezi wa Disembala 2023 idadzaza mtsinje wa Marimba mpaka madzi adasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Budiriro 5B ndi mbali ina ya Kuwadzana. Mabanja ambiri adataya katundu, ndipo ena adasamutsidwa kukakhala m'malo ongoyembekezera.

Ngozi yotere ikachitika, mafunso omwe anthu amafunsa akhonsolo ndi mainjiniya amakhala omwewo chaka ndi chaka. Kodi madzi adzalekezera pati mvula ina ikadzabwera? Ndi nyumba ziti zoyenera kusamuka? Kodi mtsinje ukumbidwe, bango lidulidwe, kapena mlatho ukulitsidwe?

Mayankho a mafunsowa sadalira kuchuluka kwa mvula kokha. Amadaliranso chinthu chomwe chimabisika mtsinje ukadzaza, chomwe ndi maonekedwe a pansi pake: miyala, mchenga, bango, mizu ya mitengo, njerwa zosweka ndi zinyalala. Akatswiri amati kumeneku ndi kukhakhala kwa pansi pa mtsinje. Kwa zaka zoposa 100 mainjiniya akhala akukuyerekeza ndi maso, koma tsopano pali njira ya pa kompyuta yomwe imagawa madzi m'timadontho mamiliyoni ambiri n'kutsata kadontho kalikonse pamene kakuwombana ndi zopinga zimenezi.

Mzinda womwa madzi otsika mumzinda momwemo

Harare adamangidwa pa chitunda chomwe chimagawa madzi, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mitsinje yake imayambira m'madambo a mumzinda momwemo. Mukuvisi amachokera cha ku damu la Cleveland kum'mawa, n'kudutsa pafupi ndi Mbare ndi Glen Norah asanathire mu Manyame. Marimba amadutsa m'dambo la Monavale, n'kutsika cha ku Mufakose ndi Budiriro. Madzi onsewa amakathera m'nyanja ya Chivero, yomwe damu lake lidamangidwa m'chaka cha 1952, ndipo kumeneko n'komwe mzindawu umatunganso madzi akumwa.

Madera ambiri okhala anthu mothithikana ali kummwera ndi kumadzulo kwa mzinda, komwe ndi kumunsi kwa mitsinjeyi. Mwa anthu okhala ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa muli ana ndi adzukulu a anthu omwe adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'nthawi ya atsamunda. Pamene anthu akhala akuchulukana, nyumba zalowa m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, nthawi zambiri pa malo ogulidwa kwa anthu ogulitsa malo mwachinyengo.

Dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Likakwiriridwa ndi malata, simenti ndi phula, madzi omwewo amafika mumtsinje onse nthawi imodzi. Choncho mitsinje ya Harare ikulandira madzi ochuluka m'kanthawi kochepa, pomwe njira yake ikucheperachepera chifukwa cha mchenga wokokoloka m'minda ya m'mphepete, zotsala za omanga nyumba ndi zinyalala zosatoledwa.

Nambala imodzi yolamula kuya kwa madzi

M'chaka cha 1889 injiniya wa ku Ireland, Robert Manning, adapereka masamu omwe akugwiritsidwabe ntchito pa dziko lonse pofuna kudziwa liwiro la madzi mumtsinje kapena m'ngalande. Malinga ndi masamuwo, liwiro limadalira zinthu zitatu: kutsetsereka kwa mtsinje, kuya kwa madzi, ndi nambala yoimira kukhakhala. Ngalande ya simenti yosalala imapatsidwa nambala ya pafupifupi 0.013. Mtsinje wachilengedwe wowongoka ndi wopanda zopinga umapatsidwa pafupifupi 0.030, pomwe wodzaza ndi udzu ndi zitsamba umatha kufika pa 0.100.

Tanthauzo la manambalawa ndi lalikulu. Madzi akachedwa chifukwa cha zopinga amaunjikana, ndipo akaunjikana amakwera. Mumtsinje wotambalala, ngati kuchuluka kwa madzi ndi kutsetsereka sizidasinthe koma nambala ya kukhakhala yakwera kuchoka pa 0.030 kufika pa 0.060, madzi omwe akadazama mita imodzi amazama pafupifupi mita imodzi ndi theka. Theka la mita limenelo ndi lokwanira kusiyanitsa nyumba yomwe madzi alekezera pa khonde ndi yomwe madzi amiza mabedi ndi matumba a chimanga.

Vuto nlakuti nambalayi kawirikawiri siyezedwa. Injiniya amayang'ana mtsinje, n'kuyerekeza ndi ndandanda za m'mabuku, monga la Ven Te Chow la m'chaka cha 1959, n'kusankha nambala yomwe akuona kuti ikufanana. Ndandandazo zidachokera makamaka ku mitsinje ndi ngalande za ku Ulaya ndi ku America. Mulibemo mtsinje womwe pansi pake pali matayala otha, mapepala a pulasitiki okodwa m'bango ndi milu ya njerwa. Komanso kukhakhala kumasintha ndi nyengo ndi kuya kwa madzi: bango lomwe limaima chilili madzi akachepa limagona pansi madzi akachuluka, ndipo mwala womwe umatchinga mtsinje wosaya suoneka kanthu m'madzi akuya.

Chifukwa chake madzi owinduka ndi ovuta

Kuti nambalayi ileke kukhala yongoganizira, pamafunika kumvetsa zomwe madzi amachita pafupi ndi miyala. Apa ndi pomwe pali vuto lalikulu la sayansi ya madzi.

M'chaka cha 1883 Osborne Reynolds, mphunzitsi wa ku Manchester, adathira utoto m'madzi oyenda m'paipi yagalasi. Madzi akamayenda pang'onopang'ono, utoto unkayenda ngati ulusi wowongoka. Liwiro litakwera, ulusiwo udasweka ndipo utoto udabalalika paliponse. Reynolds adasonyeza kuti kusinthaku kumadalira nambala yopezeka pophatikiza liwiro, kukula kwa njira ndi kulimba kwa madzi. M'ngalande zotseguka madzi amakhala atawinduka kale nambalayi ikadutsa pafupifupi 2,000. Mtsinje wozama theka la mita, wothamanga mita imodzi pa sekondi, uli ndi nambala ya pafupifupi 500,000. Choncho mtsinje uliwonse wodzaza ndi wowinduka, ngakhale uoneke wofatsa pamwamba.

M'madzi owinduka muli akamvuluvulu a misinkhu yonse, ena aakulu ngati kuya kwa mtsinje, ena aang'ono kuposa njere ya mawere. Mwala uliwonse umabala ake kumbuyo kwake. Akamvuluvuluwa ndiwo amadya mphamvu ya madzi n'kuwachedwetsa, ndiwo amanyamula mchenga, ndiponso ndiwo amakumba pansi pa mizati ya milatho.

Masamu ofotokoza kayendedwe ka madzi alipo. Adalembedwa ndi Claude-Louis Navier wa ku France m'chaka cha 1822 ndipo adakonzedwanso ndi George Stokes ku Cambridge m'chaka cha 1845. Koma kuwasova ndi pensulo pa mtsinje weniweni n'kosatheka. Ndi ovuta kotero kuti m'chaka cha 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute ku America lidaika mphoto ya madola miliyoni imodzi kwa aliyense wotsimikizira funso limodzi lokhudza mayankho ake. N'chifukwa chake akatswiri amadalira makompyuta, omwe amapereka yankho loyandikira pogawa ntchitoyo m'tizigawo tating'ono.

Timabokosi kapena timadontho

Pali njira ziwiri zogawira. Yoyamba, yomwe ndi yofala, imagawa malo. Mtsinje umajambulidwa ngati ukonde wa timabokosi tosasuntha, ndipo kompyuta imawerengera madzi olowa ndi otuluka m'kabokosi kalikonse. Pulogalamu ya HEC-RAS, yomwe gulu la mainjiniya a asilikali a ku America lidatulutsa m'chaka cha 1995 ndipo imapezeka mwaulere, ili m'gulu limeneli. Imagwira ntchito mwachangu ndipo ndi yabwino pojambula mapu a dera lonse lomwe lingamire. Komabe imafuna kuti munthu ailembere nambala ya Manning, ndipo singaonetse zochitika pamene madzi akuthovoka kapena akukankha chigubu.

Njira yachiwiri imagawa madzi enieniwo. Dzina lake pa Chingerezi ndi Smoothed Particle Hydrodynamics, mwachidule SPH. Siidayambire ku mitsinje. M'chaka cha 1977 Leon Lucy, komanso Robert Gingold ndi Joseph Monaghan paokha, adaipanga pofuna kufufuza mpweya wa nyenyezi, womwe ulibe malire oti n'kuuika m'bokosi. M'chaka cha 1994 Monaghan, wa pa yunivesite ya Monash ku Australia, adasonyeza kuti njirayi ingagwirenso ntchito pa madzi osavundikira monga mafunde ndi damu logumuka. Ku Japan, Seiichi Koshizuka ndi Yoshiaki Oka adatulutsa njira ina yofanana nayo, ya MPS, m'chaka cha 1996.

M'njira imeneyi kadontho kalikonse kali ndi kulemera kwake, malo ake, liwiro lake ndi mphamvu yomwe kakupanikizidwa nayo. Kompyuta imayamba yapeza timadontho toyandikana nako. Kenako imawerengera mmene tikukakankhira kapena kukakoka, ndipo kapafupi kamawerengedwa kwambiri kuposa kakutali. Ikawonjezera mphamvu yokokera zinthu pansi, imasuntha kadonthoko pang'ono. Imatero ndi timadontho tonse, n'kuyambiranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi ya mtsinje.

Ubwino wake ndi wakuti palibe chifukwa chouzira kompyuta pomwe pali pamwamba pa madzi. Pomwe timadontho talekezera ndi pomwepo. Madzi angagawike pa mzati, angagwe pa phompho, angalowe pa khomo, ndipo masamu amapitirira. Zinthu zoyandama, monga chipika kapena firiji yakale, zimapangidwa ndi timadontho tomangidwa pamodzi, ndipo zimatengedwa ndi madzi monga zimachitikira mumtsinje.

Kuika miyala m'kompyuta

Gawo lovuta kwambiri m'njirayi ndi lomwe likufunikanso kwambiri: pansi pa mtsinje. Kadontho kokhala pafupi ndi pansi kali ndi anzake mbali imodzi yokha, choncho masamu amasokonekera. Akatswiri amathetsa vutoli poyala timadontho tosasuntha toimira nthaka.

Pankhani ya kukhakhala pali njira ziwiri. Yoyamba ndiyo kuumba mwala uliwonse ndi timadontho tosasuntha, madzi n'kumazungulira okha. Imeneyi imaonetsa zambiri, koma imafuna timadontho tating'ono kwambiri kuposa miyalayo. Yachiwiri ndiyo kusiya miyala osaijambula, m'malo mwake n'kuika mphamvu yobweza m'mbuyo kadontho kalikonse kodutsa m'munsi momwe mukadakhala miyala. Mphamvuyo imakula potengera kukula kwa miyala ndi liwiro la madzi. Akatswiri a pa yunivesite ya Sheffield ku Britain adafalitsa kafukufuku wa mtundu umenewu m'chaka cha 2017, wokhudza madzi osaya oyenda pa malo okhakhala, ndipo adayerekeza zotsatira zake ndi zomwe zidayezedwa m'ngalande ya m'chipinda choyesera zinthu.

Akamvuluvulu ochepa kuposa mpata wa pakati pa timadontho saoneka m'kompyuta, koma mphamvu yomwe amadya iyenera kuwerengedwa. Apa amabwereka nzeru ya Joseph Smagorinsky, katswiri wa zanyengo wa ku America, yemwe m'chaka cha 1963 adapereka njira yowerengera akamvuluvulu aang'ono a mumlengalenga popanda kuwatsata mmodzimmodzi. Hitoshi Gotoh wa pa yunivesite ya Kyoto ndi anzake adaisinthira ku njira za timadontho m'chaka cha 2001.

Mtengo wa kuona bwino

Zonsezi zimadya mphamvu ya kompyuta. Titenge chigawo cha mtsinje chotalika kilomita imodzi, mamita 10 m'lifupi ndi mita imodzi kuya kwake. Timadontho tikatalikirana masentimita 5, pamafunika timadontho 80 miliyoni. Tikatalikirana sentimita imodzi, kuti nsangalabwi zioneke, pamafunika 10 biliyoni. Pulogalamu ya DualSPHysics, yomwe idayambitsidwa ndi mayunivesite a Vigo ku Spain ndi Manchester ku Britain ndipo ndi yaulere, imachepetsa nthawi pogwiritsa ntchito zipangizo za zithunzi za m'makompyuta a masewero. Ngakhale zili choncho, kutsata mtsinje wonse wa Marimba kwa usiku wathunthu wa mvula sikungatheke ndi njira imeneyi.

Nzeru yake ndiyo kugwiritsa ntchito njira ziwirizi pamodzi. Timadontho tiunike malo ochepa ovuta, monga mlatho, kalavati kapena pokhota mtsinje, n'kupereka manambala odalirika a kukhakhala ndi kuunjikana kwa madzi. Manambalawo alowe m'pulogalamu ya timabokosi yojambula mapu a dera lonse.

Mafunso a ku Harare omwe njirayi ingayankhe

Loyamba ndi la makalavati ndi milatho ing'onoing'ono. Zinyalala zikatseka theka la kamwa la kalavati, madzi amabwerera m'mbuyo n'kusefukira m'nyumba za kumtunda kwake. Kompyuta ingasonyeze kuti madzi akwera motani kalavati akatsekeka pang'ono kapena kwambiri, ndipo khonsolo yosowa ndalama ingadziwe oyenera kuyamba kuyeretsa mvula ya Novembala isanagwe.

Lachiwiri ndi mphamvu ya madzi pa makoma ndi pa anthu. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera tani imodzi, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza kanayi. Mapu osonyeza kuya kokha sauza makolo kuti ndi pa njira iti pomwe madzi ofika m'mawondo angagwetse mwana wa sukulu.

Lachitatu ndi lomwe limabweretsa mkangano: kudula bango ndi kuwongola mtsinje. Anthu omwe nyumba zawo zamira amafuna mtsinje uyeretsedwe, ndipo masamu a Manning akuvomereza kuti madzi adzatsika pamalopo. Koma madzi omwe afulumizidwa ku Mufakose amakafika msanga ndi mwaunyinji ku Budiriro. Kukhakhala kwa dambo la kumtunda ndi chitetezo cha anthu a kumunsi, pomwe kukhakhala kwa zinyalala pa mlatho ndi ngozi kwa oyandikana nawo. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna manambala. Apa ndi pomwe pali phindu la madambo monga Monavale ndi Cleveland, omwe m'chaka cha 2013 adalowa m'kaundula wa mgwirizano wa Ramsar pamodzi ndi Chivero ndi Manyame. Ndi chifukwanso chake malamulo a Zimbabwe, omwe amayang'aniridwa ndi bungwe la Environmental Management Agency, amaletsa kulima popanda chilolezo m'kati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje.

Lachinayi ndi la matenda. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imalandira madzi ochokera kumalo oyeretsera zonyansa za m'zimbudzi a Firle ndi Crowborough, kuphatikizapo zotayika m'mapaipi ophulika. Madzi osefukira amanyamula zonyansazo n'kuzilowetsa m'zitsime zosaya zomwe mabanja ambiri amadalira. Budiriro lidali limodzi mwa madera omwe adakhudzidwa kwambiri ndi kolera wa 2008 ndi 2009, yemwe adadwalitsa anthu oposa 98,000 ndi kupha oposa 4,000 m'dziko lonse, ndipo mu Sepitembala 2018 mliriwu udabukanso ku Glen View ndi Budiriro. Popeza kadontho kalikonse kamatsatidwa, n'zotheka kuika chizindikiro pa tomwe tachokera pa paipi yophulika n'kuona komwe tikathere.

Kompyuta siyeza mtsinje

Zithunzi zotuluka m'mapulogalamuwa zimaoneka ngati kanema wa madzi enieni, ndipo kukongola kwake kungapusitse. Kompyuta imayankha potengera zomwe yapatsidwa. Mapu aulere a kutalika kwa nthaka, omwe chombo cha Endeavour chidajambula kuchokera mumlengalenga mu Febuluwale 2000, amapereka nambala imodzi pa mamita 30 alionse. Mtsinje wa mamita 10 m'lifupi umatayika pa mapu otere.

Choncho ntchito yeniyeni imayambira m'matope. Pamafunika kuyeza kukula ndi kuya kwa mtsinje m'malo osiyanasiyana, kutola miyala n'kuyeza misinkhu yake, kulemba mvula yogwa pa ola lililonse osati pa tsiku lokha, ndi kuika zoyezera madzi pa milatho. Mabungwe monga Zimbabwe National Water Authority, nthambi yoona zanyengo ndi madipatimenti a uinjiniya m'mayunivesite ali ndi gawo lawo pa ntchitoyi.

Anthu okhala m'maderawa nawonso ali ndi umboni womwe palibe chipangizo chingaupeze madzi ataphwa. Mzere wa matope wotsala pa khoma, ukalembedwa ndi tsiku lake khomalo lisanapakidwe penti, ndi muyeso wa kuya kwa madzi. Kanema wa pa foni woonetsa botolo likuyandama kuchoka pa mtengo wina wa magetsi kufika pa unzake amapereka liwiro. Pulogalamu yomwe yalephera kubwereza chigumula cha 2023 mogwirizana ndi mizere yotere siyenera kukhulupiriridwa ikamalosera za m'tsogolo.

Phunziro la chigawo chonse

Vuto la Harare si lachilendo m'maiko a kummwera kwa Africa. Mu Marichi 2019 namondwe wa Idai adagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'mapiri a Chimanimani, ndipo mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adachita chimodzimodzi ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche ku Blantyre, pa ngozi yomwe idapha anthu oposa 600 m'Malawi. Napolo wotere, momwe madzi, matope, mitengo ndi miyala zimatsika pamodzi, ndi wovuta kumuika m'timabokosi, ndipo ndi limodzi mwa magawo omwe njira za timadontho zikufufuzidwa kwambiri.

Mapulogalamu ake ndi aulere, ndipo kompyuta imodzi yamphamvu ndi yokwanira kuunika mlatho umodzi. Chofunika ndi ophunzira odziwa kuwagwiritsa ntchito, miyeso ya mitsinje yosungidwa chaka ndi chaka, ndi makhonsolo okonzeka kutsata mapu pogawa malo. Kwa banja lomwe likufuna kugula malo m'mphepete mwa Marimba kapena Mukuvisi, mapu odalirika opachikidwa pa ofesi ya khonsolo angalithandize kudziwa zoona lisanakumbe maziko.